Ng'ombe za Ufa Zakana Kuuma

Lolemba

M'mawa. Ahedi athu, a Makwinja, atiitana aphunzitsi tonse pansi pa mtengo wa mango, nkhope ili ngati alandira uthenga wa maliro. Akuti Lachisanu kukubwera Bwana woyendera sukulu za mishoni. Adzaona zimbudzi, adzaona ana, adzaonanso ngati aphunzitsi othandiza opanda setifiketi ali ndi ntchito kapena akungotha choko. Ponena zimenezi maso awo ali pa ine. Akanayang'ananso kuti? Pasukulu pano wopanda setifiketi ndine ndekha.

Ndawayankha kuti setifiketi ndi pepala, ine ndili ndi mutu. Ndinalekeza Sitandade 3, inde, koma Sitandade 3 ya nthawi yathu, imene munthu ukaimaliza unkatha kumuwerengera mzungu kalata yake yomwe.

Koma pano ndikulemba ndekha, ndinene zoona. Akandichotsa ndatha ine. Ndine mkamwini, ndimakhala kwawo kwa akazi anga mbali ya Chileka, ndipo chimene chimanditchinjiriza ku khasu la apongozi ndi dzina lakuti aphunzitsi basi. Akamwini anzanga m'mudzimo amalawirira kukabandira minda ya apongozi awo, mame mpaka m'chiuno. Ine ndimawadutsa panjinga, tayi pakhosi, n'kuwafunsa ngati nthaka ili bwino lero. Dzinali likangochoka, anthu amenewa andidya wamoyo.

Masana. Ahedi akuti kalasi iliyonse ionetse ntchito zamanja. Sitandade 1 ikupota zingwe za khonje. Sitandade 2 ikusema mipini. Ndiye atembenukira kwa ine wa Sabu A, kalasi ya ana ongoyamba kumene: "Nanga Sabu A, aphunzitsi? Muumba ng'ombe zadongo ngati abusa a mbuzi?"

Ine dongo? Ndawauza pamaso pa onse kuti Sabu A iumba ndi dongo lachizungu. Ndinaliona ndi maso angawa chaka chatha pamsonkhano wa aphunzitsi kumishoni. Dona wa Bwana yemweyu anatenga ufa, mchere ndi madzi, anakanya, anaumba kambalame, anakalowetsa kukhitchini kwake, ndipo madzulo kanatuluka kouma gwa, koyera ngati dzira. Zimene zinachitika kukhitchiniko sindinazione, koma sizingakhale zazikulu.

Zofunika:
madzi, alipo, kumwamba kukutaya tsiku lililonse;
mchere, ndipempha m'nyumba;
ana, alipo ochepa, mwezi uno wa Febuluwale ambiri samabwera, ena njala, ena akulondera anyani kumunda;
ufa.

Ufawo ndiye nkhani. Wa Dona unali wa tirigu. Wa tirigu ali nawo ndi mmwenye wa sitolo ya ku Lirangwe yekha, ndipo amauyang'anira ngati mwana wake wamkazi. Koma ufa ndi ufa. Woyera ndi woyera.

Madzulo. Amake Dolesi, akazi anga, akuti m'nyumba mwathu ufa watsala wa masiku ochepa, woti n'kugawako palibe. Wambiri ndi wa makaka a chinangwa, uli mumtsuko waukulu wa amayi awo. Ine sindingakapemphe. Ine ndi apongozi sitiyang'anana nkhope, sitilankhulana, ndiwo ulemu wake. Tikakumana panjira wina amapatukira patchire, ndipo kawirikawiri ndimakhala ine, ndi njinga yomwe.

Ndawafunsa amake Dolesi kuti akufuna mwamuna uti, wa tayi kapena wa khasu. Akuti: "Wa khasu amabwerako ndi chakudya." Koma apita, abwera ndi lichero lodzaza. Kumeneko anena kuti ndi wa phala la mwana. Mkazi ameneyu ndinasankha ndili maso.

Lachiwiri

Lero sukulu ya ku Lirangwe kuno yaona zimene sinaonepo chimangireni.

Ndabwereka beseni kwa akazi a ahedi. Ufa, mchere wa dzanja langa lonse kangapo, madzi. Ndakanya ndekha, malaya opinda. Poyamba chinali phala. Ndaonjeza ufa. Chinasanduka mwala. Ndaonjeza madzi. Mapeto ake chamvera, chifukwa chazindikira kuti chakumana ndi ndani.

Ana ndawagawira aliyense kachibulunga. Taumba:
ng'ombe, zambiri, zina za miyendo itatu chifukwa mwini wake akuti wachinayi wabisika muudzu;
ndege, monga zimene zimanyamuka pabwalo la Chileka n'kutidutsa pamutu, zimene ahedi amati zikupita ku Halale kukasiya chuma chathu kwa eni Chitaganya;
njinga imodzi, yagwa isanaime;
nkhuku, miphika, njoka (njoka aumba ndi aulesi);
munthu wamimba yaikulu wovala magalasi.

Munthu ameneyu ndi ahedi, palibe wosadziwa. Ndamuuza woumbayo kuti ndi chipongwe chachikulu, ndipo mimbayo yachepa, aonjeze. Ahedi atasuzumira pawindo ndawauza kuti ndi mvuu. Akuti mvuu sivala magalasi. Ndati iyi ndi yophunzira.

Changa ine ndi sitima. Yaitali ngati mkono wanga, ndi mutu wake, chotulutsira utsi, mabogi. Woyendetsa sitima ya pasiteshoni ya Lirangwe akanaiona akanalira ndi nsanje. Bwana akadzaiona, ndikuopa kuti adzanditenga kuti ndikaphunzitse ku Zomba, ndipo ndidzakana chifukwa cha ana anga a Sabu A.

Chinthu chimodzi chokha. Ndikuona milomo yoyera m'kalasi. Ndafunsa, akuti akulawa ngati mchere wakwana. Ndawauza kuti ichi ndi dongo, si chakudya. Wina kumbuyo akuti: "Koma likukoma, aphunzitsi." Ng'ombe zingapo zafika pabenchi loumitsira zilibe michira.

Zonse ndazindandalika pamabenchi kumbuyo kwa kalasi, chitseko ndamanga ndi luzi. Ufa wina watsala mubeseni, ndauvundikira. Pofika mawa zikhala zouma gwa. Ahedi akonzeke kundipepesa, ndiwakhululukira pang'onopang'ono.

Lachitatu

M'mawa. Sizinaume.

Kungoti sizinaume kukanakhala bwino. Zanyowa kuposa dzulo. Zikutuluka thukuta ngati munthu wa malungo. Mcherewo wakoka chinyezi chonse cha m'boma la Blantyre n'kuchibweretsa m'kalasi mwanga. Ng'ombe zonse zagwada ngati zili pa Mgonero. Mapiko a ndege alendewera. Mvuu yophunzira yakhala pansi, mimba yayenderera mpaka m'mphepete mwa benchi.

Makoswe nawonso analowa sukulu usiku. Ayamba ndi nkhuku, amaliza ndi bogi lomaliza la sitima yanga.

Chodabwitsa china, m'kalasi mwadzaza nkhope zachilendo. Ana amene anasiya sukulu Khirisimasi isanafike abwera. Ena sindinawaonepo n'komwe, wina ali ndi mwana kumsana. Ndafunsa kuti akufuna chiyani. Akuti amva kuti ku Sabu A akuumba. Ndawalandira. Mbiri ya mphunzitsi wabwino siyenda wapansi.

Dzuwa latuluka. Tatulutsa zonse, tayanika pathandala la akazi a ahedi, mbale zawo tazitsitsa. Ndabwerera m'kalasi kuphunzitsa a, e, i, o, u. Tisanafike pa o, kunja kwamveka mayi akukuwa. Mbuzi. Zaimirira ndi miyendo iwiri pathandala ngati anthu pasitolo. Mbuzi zikamva mchere zimaiwala ndi Mulungu yemwe. Ndathamangitsa ndi rula, imodzi yathawa ndege ili kukamwa. Imeneyo ndiyo ndege yoyamba ya Sabu A kuyenda ulendo.

Masana. Mvula. Yabwera kuchokera mbali ya Shire osagogoda. Tathamangira kuthandala ine ndi kalasi yonse, aliyense watola chimene angathe, ndipo pofika m'kalasi ena afika manja ali okha, masaya otupa. Ahedi aima pakhonde, manja kumbuyo. Akuti: "Aphunzitsi, Lachisanu ndimuuze Bwana abwere ndi supuni?"

Ndapitiriza kutola zophwanyika. Munthu wamkulu sayankha chilichonse.

Ndatenga ufa wotsala uja, ndaphatikiza ndi zophwanyika, takanyanso, taumbanso. Ulendo uno ndaima pakati ndi rula, maso pa milomo. Zatuluka zocheperapo koma zokongola kuposa zoyamba. Sitima ndaikonza, yafupika pang'ono, tinene kuti mabogi ena atsala ku Limbe.

Tsopano ndazindikira chinsinsi cha kukhitchini kwa Dona. Moto. Dzuwa la mwezi uno ndi lopanda chilungamo, chofunika ndi nsanja, pamwamba pa moto, pamene amaumitsa mbewu ndi nyama. Ndalongedza zonse mudengu, masamba a nthochi pamwamba, ndamanga pakaliyala. Ulendo wa ku Chileka ndayenda wokankha njinga ngati ndanyamula wodwala.

Madzulo. Khitchini yathu ndi kachisakasa kodontha, nsanja mulibe. Nsanja yabwino m'mudzi muno ili m'khitchini mwa apongozi, mmene phazi la mkamwini silipondamo. Mwamwayi iwo ali kumaliro kutsidya, abwera kutada. Amake Dolesi akaziika okha, pafupi ndi ngala za mapira a mbewu.

Ndawafunsa ngati awauze amayi. Akuti: "Ndiwauze kuti phala la mwana lamera miyendo? Ndiwauza mawa, ndiyambe ndaganiza."

Ndikugona ndi mtima woyera. Utsi ukugwira ntchito m'malo mwanga.

Lachinayi

M'mawa. Dolesi watsokomola kwambiri, ndipo amake alawirira naye kuchipatala cha mishoni ine ndisanadzuke bwino. Za nsanja palibe anakumbukira, ngakhale ine. Ndakumbukira ndikumanga tayi.

Ndazungulira kuseri kwa nyumba kuti ndione ngati pali mwana woti ndimutume. Palibe, onse ali kumunda. Amene alipo ndi apongozi. Akhala pamphasa pakhomo pa khitchini yawo, lichero pamiyendo, ndipo mulicheromo muli Sabu A yonse. Zada ndi utsi, kunja zachita kakhungu, koma m'kati zikadali zofewa, chifukwa ndawaona akubanthula mutu wa ng'ombe ndi zala ziwiri. Anunkhiza. Alawa. Ufa wake munthu amaudziwa.

Kenako ayamba kuitana nkhuku.

Ndabisala kuseri kwa nkhokwe. Kupita pamaso pawo sindingathe. Kuwaitana sindingathe. Ndatsokomola, monga amachitira mkamwini waulemu pofuna kudziwitsa kuti ali pafupi. Iwo akokera mpango kumaso, atembenukira kumbali, aponya ndege. Nkhuku zailandira isanatere.

Ndatsokomolanso. Aponya ng'ombe ziwiri.

Pamenepo galu wa pakhomo wabwera kudzandinunkhiza. Ndamugwira khutu, ndamuuza mokweza: "Galu iwe, ukadziwa munthu amene angamve, umuuze kuti zinthu zili mulicherozo ndi za sukulu, mawa kukubwera Bwana."

Kenako apongozi, maso ali pa tambala wawo wofiira: "Idya iwe tambala, usaope. Ufawu ndi wanga, ndinafukula chinangwa ndekha, ndinayanika ndekha. Ndinamva kuti ndi wa phala la mdzukulu wanga."

Ndamuuza galu kuti mwini zinthuzo ndi munthu wabwino, wangopanikizika, ndipo akachotsedwa ntchito manyazi agwera mudzi wonse.

Iwo auza tambala kuti mudzi uno sunafepo ndi manyazi, koma ndi njala unatsala pang'ono, ndipo munda wa chinangwa uli ndi udzu wofika m'khosi pamene amuna ena akuumba zidole.

Galu wandiyang'ana.

Aponyanso miphika, njoka, mvuu yophunzira ndi magalasi ake omwe. Ine kuseri kwa nkhokwe thukuta mpaka m'nsapato, ndikuona khasu likundiyandikira ndi nkhuku iliyonse imene ikumeza. Kenako aima. Aika lichero pamphasa, auza tambala kuti akupita kumadzi ndipo achedwako, zotsalazo mwini wake akazifuna atenge asanasinthe maganizo. Anyamula mtsuko, apita osacheuka.

Ndatuluka chokwawa. Zatsala: sitima, ng'ombe zochepa, ndege ziwiri, ndi china chimene sindikuchidziwa. Mayi amene uja ali ndi mtima. Woopsa, koma ulipo.

Masana. Ndafika kusukulu mochedwa. Ana a Sabu A asefukira mpaka pakhonde, ena akhala pamawindo, ena abwera ndi timbale. Ndawauza kuti lero dongo likupuma, tiimbe. Taimba mpaka denga kugwedera. Pomaliza afunsa ngati mawa kuli kuumba. Ndati mawa kuli zazikulu. Sindinaname.

Madzulo. Nzeru yomaliza. Ku Lirangwe kuli che Amidu amene amaphika masikono mu uvuni wa njerwa kuseri kwa msika. Uvuni ndi mbale wake wa khitchini ya Dona. Ndawatengera dengu. Avundukula masamba, ayang'ana, andiyang'ana.

"Achimwene, izi mukufuna ndiphike kapena ndiike maliro?"

Ndawafotokozera zonse za dongo lachizungu. Atsina pang'ono, alawa, alavula. Akuti makaka ndi uvuni sadziwana, koma popeza ndine aphunzitsi a mwana wawo, aziika akatulutsa masikono omaliza, zigone momwemo moto ukuzirala. Akuti zikaphulika ndidzamange uvuni wina.

Ndawauza kuti mawa dzina lawo lidzamveka kumishoni. Akuti: "Chonde lisamveke."

Dolesi ali bwino, amupatsa mankhwala akumwa. Amake atamva za galu ndi tambala aseka mpaka kukhala pansi, kenako asiya kuseka mwadzidzidzi n'kupita kwa amayi awo. Abwerako, angoyala mphasa. Sindinafunse.

Lachisanu

M'mawa. Tambala sanalire.

Ndadzuka dzuwa lili kale pamwamba pa nkhokwe. Kunja nkhuku zonse za apongozi zagona mozungulira phale la madzi, milomo yasamu, mapiko pansi. Madzi atha, amake Dolesi athira ena, athanso. Mchere uja. Tambala akundiyang'ana ndi diso limodzi ngati akufuna kukandinenera. Ndapemphera pemphero lalifupi kwambiri m'moyo wanga: Ambuye, Bwana ndi nkhuku tsiku limodzi sindingathe, sankhani chimodzi.

Njinga ndaipalasa mpaka tcheni kulira. Ndadutsa ndi mphepo yomwe panjira.

Kwa che Amidu. Atulutsa ndi fosholo. Zauma! Zimenezo palibe angatsutse. Zauma kuposa chilichonse chimene chinaumapo m'dziko la Nyasalande. Koma zatupa, zang'aluka, zada bii, miyendo ndi mapiko zalowa m'thupi. Ng'ombe ndi ndege zafanana ngati mapasa. Sitima ikuoneka ngati chikuni chozima. Che Amidu agwetsa imodzi pansi mwangozi, njerwa ya pakhomo ndiyo yasweka. Akuti ndikamaliza nazo ndiwabwezere, akufuna zoswera mtedza.

Kusukulu. Ahedi avala jekete la ukwati wawo. Bwalo lasesedwa. Ndaika zinthu zanga patebulo, ndavundikira ndi nsalu, ndikupempha kuti nsaluyo imere mizu.

Ana a Sabu A lero ndi mtundu wonse wa Isiraeli. M'kalasi, pakhonde, pamawindo, pansi pa mango. Ena akutha msinkhu. Onse maso ali pansalu.

Bwana wafika pagalimoto yodzaza matope, mzungu wamtali wofiira khosi, Chinyanja chake cha m'buku la nyimbo. Wayamba ndi zimbudzi. Walowa Sitandade 2, wapeza mipini yambiri kuposa ana. Sitandade 1 chimodzimodzi, mabenchi theka opanda anthu. Wafika kwa ine, walephera kulowa. Ana achita kumupatukira ngati nyanja.

Taimba. Tawerenga a, e, i, o, u, ndipo atsopano aja angotsegula kukamwa motsatira anzawo, zaoneka bwino kwambiri. Bwana wagwedeza mutu, watembenuka kuti azituluka. Mtima wanga wayamba kale kuvina. Ndiye ahedi, ndi mawu okoma ngati uchi: "Bwana sanaone ntchito zamanja za Sabu A."

Mulungu akuwaona a Makwinja.

Ndachotsa nsalu. M'kalasi mwamveka kudandaula kwa ana ambiri amene aona kuti chakudya chapserera. Bwana watola chimodzi, wachitembenuza, wagogoda nacho patebulo. Tebulo lachita chibowo.

"Ichi n'chiyani?"

Ndati ndege, Bwana. Nthawi yomweyo theka la kalasi lati ng'ombe.

Wafunsa kuti taumba ndi chiyani. Ndati ufa, mchere ndi madzi. Wafunsa anandiphunzitsa ndani. Ndaimirira mowongoka, ndati Dona wanu, Bwana, pamsonkhano chaka chatha. Wayang'ana chinthucho. Wayang'ana pawindo nthawi yaitali, khosi likufiira kuonjeza, mapewa akugwedezeka pang'ono. Kenako wanena chapansipansi: "Dona asamve."

Watuluka ndi ahedi pakhonde, ine khutu lili pachitseko. Ahedi ayamba bwinobwino za setifiketi, kuti mwina mishoni iganizire. Bwana wawadula. Akuti wayenda sukulu zambiri mwezi uno ndipo konse ana athawa ndi njala, sanaone kalasi yodzaza chonchi. "Mukachotsa uyu, ana onsewa aphunzitse ndani? Inu?"

Ahedi ayang'ana khamu lija, ana okhala pamawindo, wa mwana kumsana, wa kambale. Akudziwa bwino chimene chinawabweretsa. Koma sukulu ya ana ambiri ndiyo imene mishoni imaikumbukira pogawa mabuku ndi masileti, ndipo ulemu wake umapita kwa ahedi. Za ufa uja azibisa m'thumba la jekete, avomera ndi mutu.

"Akhale," watero Bwana. "Koma zakudazo mukwirire."

Galimoto yapita. Ndakhala pansi penipeni, pafumbi, tayi ndi zonse. Ahedi adutsa, akuti: "Mwapulumuka ndi mimba za ana a eni." Ndawayankha kuti kudzaza kalasi ndi luso, silipezeka m'setifiketi. Koma mawu anatuluka ang'onoang'ono, sindikudziwa ngati anamva.

Madzulo. Nkhuku zikadali moyo. Ziwiri zaimirira. Ndadya ngati munthu wochoka kundende.

Loweruka

Tambala walira. Mawu osasa ngati mkulu wa mpingo wa chimfine, koma walira. Sindinamvepo nyimbo yokoma chotero.

Chisangalalo chatha msanga. Amake Dolesi abwera ndi uthenga wochokera kwa amayi awo, ndipo aunena ataimirira. Akuti amayi akondwa kuti mkamwini wawo akadali mphunzitsi. Akuti ufa wa lichero lodzaza suyenda wokha kubwerera mumtsuko, ndipo nkhuku zimene zadwala ziyamba zasiya kuikira. Choncho Loweruka lililonse, popeza sukulu kulibe, aphunzitsi azikaonekera kumunda wa chinangwa mpaka makaka atsopano adzaume.

Ndafunsa kuti kuyambira liti. Andipatsa khasu.

Udzu wa m'munda umenewo si udzu, ndi nkhalango. Ndakumanamo ndi nyama zimene sizili m'buku lililonse. Dzuwa limene linakana kuumitsa ng'ombe zanga lero latuluka lonse, ndi abale ake, kudzaumitsa ine.

Akamwini anzanga amva. Adutsa mmodzimmodzi, ngakhale amene minda yawo ili mbali ina. "Mwadzuka bwanji aphunzitsi, kalasi lero ili kuno?" Wina waima nthawi yaitali kundionetsa mbali ya khasu imene imalowa pansi. Ndawauza kuti ndikuchita kafukufuku wa zaulimi wotumidwa ndi mishoni. Palibe wakhulupirira, koma ndanena.

Ndalima mizere yochuluka moti ndikanaiika pamodzi ikanafika ku Lirangwe. Amake Dolesi akuti ndi isanu ndi theka lokhota.

Lamulungu

Pensulo ndikuigwira ndi zala ziwiri, zinazo zili ndi matuza.

Mapemphero tinachitira m'kalasi mwanga monga mwa masiku onse. Tebulo la chibowo aliphimba ndi nsalu yoyera. Zakuda zija ahedi sanakwirire. Akazi awo atenga sitima, akutsekera chitseko cha khola la mbuzi, akuti sanaonepo mwala wogwirika bwino chotero. Ng'ombe ndi ndege ndatumiza kwa che Amidu. Ntchito zamanja za Sabu A kuyambira tsopano ndi matsache, atero ahedi, ndipo udzu wake akasankha ndi iwo.

Potuluka m'tchalitchi ana atsopano aja anandizungulira. Akuti: "Aphunzitsi, mawa tiumba chiyani?" Ndawauza kuti mawa tiumba zilembo pasileti. Anayang'anana. Kamtsikana ka mwana kumsana kanafunsa ngati zilembo zili ndi mchere. Ndati ayi. Anabalalika mwaulemu, ndipo ndikudziwa kuti mawa mabenchi adzapuma. Mwina awiri atatu atsala, nyimbo anazikonda. Enawo abwera chimanga chikacha. Bwana sabweranso mpaka tikolole, za nthawi imeneyo tidzaona nthawi imeneyo.

Masana ndinagona pamkeka pansi pa mtengo, msana ukulira paliponse. Nkhuku zonse zikuyenda. Dolesi wasiya kutsokomola. Palibe chili pansanja, palibe chili mu uvuni, palibe chimene ndikudikira kuti chiume. Amake Dolesi anandipaka mafuta a nsatsi m'manja, akuti Loweruka likubwerali ndidzayambe m'mawa dzuwa lisanakwiye.

Ndavomera. Khasu landipeza, koma landipeza tsiku limodzi pa sabata. Mawa ndi Lolemba, ndipo tayi andimangira ndi amake Dolesi, zala zanga sizikupinda.